Tsitsani kaye voliyumu, timve nyimbo

Loweruka lina masana ndinaperekeza mphwanga ku situdiyo ina ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre. Kwaya ya kumpingo kwawo inali itasonkherana ndalama kwa miyezi ingapo kuti ijambule nyimbo zitatu. Situdiyoyo ndi kachipinda ka kuseri kwa nyumba, kofolera ndi malata, m'makoma atamatamo mathireyi a mazira, pazenera atatsekapo matiresi akale. Patebulo panali laputopu, masipika awiri ndi kabokosi kofiira kosaposa buku la nyimbo za m'tchalitchi. Mnyamata wojambulayo ndi waluso, ndipo ndayamba ndi kunena zimenezi kuti wina asaganize kuti ndabwera kudzamunyoza. Anawaimika bwino oimba, anawapirira pomwe ankaphonya, ndipo pofika chakumadzulo mawu onse anali atalowa mukompyuta.

Kenako inakwana nthawi yomvera. Tinadzazana m'kachipindamo, ena atangosuzumira pakhomo. Amayi otsogolera kwaya anati, “Achimwene, takwezani pang'ono timve bwino.” Mnyamatayo anagwira batani lalikulu la pakabokosi kaja n'kulipotokola. Wina kumbuyo anati awonjezerebe. Malata anayamba kunjenjemera, besi inkagunda pachifuwa ngati musi mumtondo, amayi awiri anaimba nthungululu. Kuyambira pamenepo mpaka usiku mnyamatayo anasakaniza nyimbo zitatuzo batani lili pomwe analisiya. Ine ndinatulukamo m'makutu mukulira ngati mwalowa nyenje.

Patatha sabata nyimbo zinafika pa WhatsApp. Mphwanga anaziika pa kasipika kake pakhonde, anzake atazungulira. Besi ija yogwedeza malata inali itasowa. Mawu a amayi oimba mokweza ankabaya m'khutu, makamaka pomwe pali chilembo cha “s”, ndipo abambo anamira osamveka. Akwaya anayamba kunong'onezana kuti mwina wawatumizira zina, osati zimene anamva tsiku lija. Koma zinali zomwezo ndithu. Palibe chimene mnyamatayo anachotsa pambuyo pa tsiku lija. Chinasintha ndi kukula kwa phokoso lomwe ankamvera nalo.

Nkhani ya batani limeneli imaoneka yaing'ono moti oyamba ntchito ambiri saifunsa n'komwe. Amafunsa za maikolofoni odula, za mapulagini (timapulogalamu tokonzera mawu) atsopano, za laputopu yamphamvu. Koma ine ndafika pokhulupirira kuti nyimbo zambiri zojambulidwa m'makwalala mwathu zimawonongekera pa batani limeneli, ndipo makutu a ozijambula nawo akuthera pomwepo.

Nyumba yonse inalowa m'kabokosi

Kale munthu wofuna kujambula nyimbo m'dziko muno ankapita komwe kuli nyumba ya ntchitoyo. Magulu ambiri ankadalira situdiyo za wailesi ya MBC, ndipo pambuyo pake ku Balaka kunatchuka IY Studio ya Paul Banda, komwe kunatulukira nyimbo zochuluka za kaimbidwe kamene tinkangoti ka ku Balaka. M'malo otere munkakhala chitebulo cha mabatani, ndipo munthu ankaphunzira ntchito ataima kumbuyo kwa mkulu wodziwa. Lero chitebulo chonsecho chapindidwa n'kulowa m'kabokosi kokwana m'chikwama cha kusukulu. Ku Ndirande, ku Kawale, ku Area 25, ku Chibavi, mnyamata wokhala ndi laputopu ndi FL Studio kapena Cubase ali ndi situdiyo yake. Zimenezi ndi zabwino, ndipo zatsegulira khomo oimba omwe kale sakanalota zojambula. Chimene chinatsalira m'mbuyo ndi mkulu uja wokugwira dzanja ukafuna kupotokola batani lolakwika.

Dzina la kabokosika ndi audio interface, ngakhale anyamata ambiri amangoti saundi khadi. Kofiira kaja ndi Scarlett, kopangidwa ndi Focusrite, kampani ya ku England yomwe katswiri wa zipangizo za mawu Rupert Neve anaiyambitsa mu 1985. Ena ali ndi Behringer, ena M-Audio, PreSonus kapena Steinberg. Maonekedwe ndi osiyana koma ntchito ndi imodzimodzi. Kamalandira mawu ochokera ku maikolofoni kapena ku gitala n'kuwasandutsa manambala oti kompyuta isunge, kenako kamatenga manambalawo n'kuwabweza kukhala mphamvu yoyendetsa masipika ndi mahedifoni. Pali njira yolowera ndi njira yotulukira, ndipo iliyonse ili ndi batani lake.

Timabatani tating'ono tolembedwa Gain tili pa njira yolowera. Chimene wapotokola pamenepo chimalowa m'nyimbo ndipo sichidzatulukamonso. Batani lalikulu, lolembedwa Monitor kapena Output, lili pa njira yotulukira. Ilo nyimbo silikhudza ngakhale pang'ono, limangolamula kuchuluka kwa phokoso lofika m'makutu mwa amene ali m'chipindamo. Gain ali ngati mchere wothira mumphika wa ndiwo, pamene batani lalikulu ndi supuni yolawira. Kulawa ndi supuni yaikulu sikuwonjezera mchere mumphika. Koma wophika amene walawa kadontho, osamva kukoma, n'kuthamangira kuthira mchere wina, ndiye kuti banja lonse lidya ndiwo zowawa.

Izi n'zimene zimachitika m'masitudiyo athu tsiku ndi tsiku. Wojambula akumvera pa YouTube nyimbo yomalizidwa ya ku Nigeria kapena ku South Africa, yodzadza ndi yamphamvu. Akabwerera ku ntchito yake, imamveka yofooka. M'malo mokweza batani lalikulu pang'ono, amakweza Gain, kapena amakankha fader ya master, yomwe imakweza kapena kutsitsa nyimbo yonse mukompyuta, mpaka timagetsi tofiira tiyake. Mawu a mukompyuta ali ndi denga lomwe sangalidutse, lolembedwa 0 dBFS. Akagunda dengalo nsonga zake zimadulidwa, ndipo pamatsala kuthetheka kumene kumamveka ngati sipika yong'ambika. Ngati kudulidwako kwachitikira polowa, palibe pulagini imene ingabwezere bwinobwino mawu a woimbayo. Chomvetsa chisoni n'chakuti palibe chifukwa choyandikira dengalo. Mabokosi amakono amajambula pa 24-bit, malo ake ndi aakulu kwambiri, moti mawu ozungulira pa -18 dBFS, nsonga zake zikumafika cha pa -10, amalowa oyera bwino. Nyimbo imene ikadali pamoto iyenera kumveka yotsika kuposa yomalizidwa. Ndi mmene ziyenera kukhalira.

Kulakwa kwina kumabwera usiku. Mwana wagona, kapena aneba agogoda pakhomo kuti phokoso lanyanya. Dzanja lili kale pa mausi, ndiye wojambula amangotsitsa fader ya master. M'mawa mwake amatulutsa nyimbo ataiwala kuibweza, ndipo imapita kwa mwiniwake yonong'ona.

Palinso ena amene amadabwa kuti kavoliyumu ka Windows kaja ka pakona sikachita kanthu akatsegula Cubase kapena FL Studio, n'kumaganiza kuti kabokosi kafa. Sikanafe. Mapulogalamu ojambulira amalankhula ndi kabokosi kudzera mu ASIO, njira yomwe inapangidwa ndi Steinberg, kampani ya ku Hamburg yomwe imapanganso Cubase, ndipo njirayi imalambalala dala voliyumu ya Windows kuti mawu asachedwe panjira. YouTube ndi zina zotero ndiye zimadutsa mu Windows. Pa Mac naponso mabatani a voliyumu a pa kiyibodi nthawi zambiri amaleka kuyankha ukalumikiza kabokosi. Ndiye munthu amakhala ndi malo anayi kapena asanu osinthira phokoso, ena okhudza nyimbo, ena okhudza chipinda chokha, ndipo amawasokoneza. Maganizo anga ndi osavuta. Fader ya master ikhale pa 0 osaigwiranso. Voliyumu ya Windows ikhale pamalo amodzi, ndipo timabelu take tochenjeza tizimitsidwe, chifukwa kabelu kamodzi kotulukira m'masipika okwezedwa kamatha kudzidzimutsa chipinda chonse. Phokoso la m'chipinda lisinthidwire pa batani lalikulu basi.

Khutu limakondera

Funso likadalipo: besi ya ku Chilomoni ija inapita kuti?

Mu 1933 akatswiri awiri a ku Bell Laboratories ku America, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson, anafalitsa zomwe anapeza atayesa mmene anthu amamvera kukula kwa mawu osiyanasiyana. Anapeza kuti khutu silimva mawu onse mofanana. Limamva msanga mawu apakati ndi okwererapo, cha pa 2,000 mpaka 5,000 Hz, chigawo chomwe chimatithandiza kusiyanitsa zilembo munthu akamalankhula. Besi ndiye imafuna mphamvu zambiri kuti imveke pamene voliyumu ili pansi. Ukamakweza, besi imakula m'khutu msanga kuposa mawu enawo. Ena anadzayesanso pambuyo pake ndi zipangizo zabwinopo, ndipo lero zotsatirazo zili mu muyezo wotchedwa ISO 226, koma mfundo yake sinasinthe. Nyimbo imodzimodzi, pa mavoliyumu awiri, khutu limaimva ngati nyimbo ziwiri.

Besi yomwe inkatigunda pachifuwa tsiku lija inali ya batani, sinali ya m'nyimbo. Mnyamata uja, poimva ikusefukira, anaitsitsa mukompyuta mpaka inakhala bwino kwa iye pa phokoso limenelo. Kachipinda nako kanamunamiza, chifukwa m'chipinda chaching'ono besi imaunjikana m'makona ndi m'mbali mwa makoma. Pano ndinene za mathireyi a mazira, popeza ali paliponse. Ndi opyapyala kwambiri moti besi amangoiona ikudutsa. Matiresi okhuthala oimikidwa pakona amathandiza kuposa mathireyi zana.

Nanga kubaya kwa mawu kuja? Khutu likakhala m'phokoso lalikulu kwa maola angapo limatopa, limagontha kwa kanthawi, ndipo oyamba kuzimiririka ndi mawu opyapyala. Wojambula amayamba kumva ngati nyimbo yaphimbidwa ndi bulangete. Amawonjezera kuwala, patapita ola amawonjezeranso. Iye akuganiza kuti akukonza nyimbo, pamene akulipirira kutopa kwa makutu ake. M'mawa makutu akatsitsimuka, kapena nyimbo ikafika kwa munthu amene sanali m'chipindamo, “s” aliyense amakhala ngati singano.

Khutu lili ndi kukondera kwinanso, komwe ogulitsa mawailesi anakudziwa kalekale. Ukamvetsera zinthu ziwiri zofanana, china chitakwera pang'ono chabe, ngakhale ndi desibelo imodzi, chokweracho chimamveka chokoma. Mapulagini ambiri amakweza mawu ukangowayatsa, ndipo wojambula amagwedeza mutu kuti nyimbo yasintha, pamene yangokwera. Njira yodziwira zoona ndi kutsitsa potulukira pa pulaginiyo mpaka mawu afanane kukula ikayaka ndi ikazima. Ukatero umapeza kuti mapulagini ena anathandizadi, ena sanachite kanthu, ena anawononga. Chimodzimodzi poyerekeza ntchito yako ndi nyimbo ya wina: yambani mwaitsitsa yakeyo ifanane ndi yanu, kenako muweruze.

Kukondera kumeneku n'komwe kunabala mpikisano wa phokoso m'makampani akuluakulu a nyimbo. Chimbale cha Metallica cha mu 2008, Death Magnetic, chinafinyidwa kwambiri moti okonda gululo eniake anadandaula poyera kuti chikuthetheka. Masiku ano Spotify imalinganiza nyimbo kuti zizimveka cha pa -14 LUFS, ndipo YouTube nayo imatsitsa zokwera kwambiri, choncho wofinya nyimbo kuti ipose za anzake amangotaya kukoma pachabe. Ndikudziwa kuti kwathu kuno nyimbo zambiri zimayenda pa WhatsApp ndi pa mamemore khadi, komwe kulibe wolinganiza, ndipo woimba safuna kuti yake imveke yofooka ikatsatana ndi ya mnzake. Nkhawa imeneyo ndi yoona. Koma mphamvu ya nyimbo imaikidwa kumapeto, pochita mastering, ndi maso ali pa mita. Batani lalikulu silitumiza mphamvu iliyonse ku WhatsApp.

Tiganizenso za amene adzamvere. Pamene Quincy Jones ndi Bruce Swedien ankakonza Thriller ya Michael Jackson, yomwe inatuluka mu 1982, anali ndi masipika akuluakulu a situdiyo yapamwamba, komabe ankayesera ntchito yawo pa timasipika tating'ono ta Auratone, tonga timabokosi ta sopo, kuti amve zimene munthu wamba adzamve. Omvera athu ali pa foni, mu minibasi, m'babashopu, pa kawailesi ka mabatire kumudzi. Nyimbo imene mawu ake akumveka bwino, ng'oma ndi besi zikudziwika pomwe zili, voliyumu ili pansi, ikakwezedwa paukwati imangokoma. Imene inakoma chifukwa cha phokoso imagwa ikangotsitsidwa.

Chizindikiro pa batani

Anthu a mafilimu vutoli analithetsa kalekale. M'nyumba zoonetsera mafilimu ndi m'zipinda zosakanizira mawu ake, sipika iliyonse yakutsogolo imayezedwa kuti itulutse madesibelo 85 ikapatsidwa phokoso loyesera la -20 dBFS. Motero wosakaniza ndi woonera amamva mofanana. Bob Katz, katswiri wa mastering wa ku Florida, anabweretsa ganizo lomweli ku nyimbo ndi njira yake yotchedwa K-System, yomwe imayambira pa madesibelo 83 pa sipika iliyonse. Manambala amenewa ndi a zipinda zazikulu, momwe munthu amakhala patali ndi masipika. M'kachipinda ka mamita atatu mbali zonse, sipika ili pamphuno, 83 ndi phokoso losapiririka, ndipo akatswiri amalangiza kutsika kufika cha pa 73 mpaka 76. Chofunika kwenikweni si nambala yeniyeniyo ayi, koma kuti ikhale yomweyo lero, mawa ndi mkuja, kuti khutu lizolowere mmene nyimbo yabwino imamvekera pamalo amenewo.

Kuyeza kwake sikufuna ndalama. Pamafunika phokoso loyesera lotchedwa pink noise, lomwe limamveka ngati mvula yamphamvu pamalata ndipo limapezeka mwaulere pa intaneti, lokonzedwa kale pa -20 dBFS. Liikeni mu pulogalamu yanu, fader zonse zili pa 0, batani lalikulu lili pansi penipeni, sipika imodzi yokha ikulira. Gwirani foni pamalo pomwe mutu wanu umakhala, mutatsegula pulogalamu yoyezera phokoso. Bungwe la ku America loona za chitetezo cha anthu pantchito, NIOSH, lili ndi yake yaulere ya iPhone, ndipo pa Android ziliponso zambiri. Foni siyeza molondola ngati chipangizo chenicheni, koma ikukwanira pa ntchito iyi. Kwezani batani pang'onopang'ono mpaka nambala ifike cha pa 75. Yesani sipika inayo, muone ngati ikufanana. Kenako dontheza kyutekisi kapena matani katepi pomwe batani laloza. Pamenepo ndiye pakhomo panu. Ikaninso chizindikiro chachiwiri m'munsi mwake, pomvera motsitsa kwambiri, chifukwa pamenepo m'pomwe pamaonekera ngati mawu a woimba akwera kapena amira. Kukweza kuposa chizindikiro choyamba kuzichitika kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, poyesa ngati besi sikusefukira, kenako dzanja libwerere.

Amene alibe foni yotere ali ndi muyezo wina wakale. Ngati mungathe kucheza ndi mnzanu amene wakhala pambali panu, nyimbo ikulira, popanda kukweza mawu, muli pabwino. Ngati mukuchita kukuwa kuti amve, mwadutsa malire.

Pali kanthu kena kamene kamasokoneza ambiri. Masipika a situdiyo, kaya ndi KRK a chikasu aja, kaya Yamaha, ali ndi kabatani kawo kumbuyo. Ambiri amakasiya kali pamwamba penipeni. Zotsatira zake, batani lalikulu likangosuntha pang'ono chipinda chadzaza kale, ndipo munthu amagwira ntchito yonse pa kachigawo kakang'ono ka pansi. Pamabokosi ambiri kumunsi kumeneko n'komwe batani silolondola: sipika yakumanzere ndi yakumanja sizikwera mofanana, ndipo woimba amene ali pakati amamveka ngati wapendekera mbali imodzi. Wojambula amayamba kukonza mukompyuta vuto lomwe mulibe. Tsitsani kumbuyo kwa masipika onse awiri mofanana, kuti chizindikiro chanu chigwere pakatikati pa ulendo wa batani. Mukatero ngozi nazo zimachepa, chifukwa ngakhale mwana atalipotokola mpaka kumapeto, phokoso silifika pong'amba kanthu. Alipo amene amagula chipangizo chapadera chonga Mackie Big Knob, chokhala ndi batani lotsitsira mwamsanga, lozimitsira ndi lophatikizira mbali ziwiri kukhala imodzi. N'chothandiza kwa amene ali ndi masipika a mitundu iwiri, koma woyamba ntchito ndalama imeneyo aisunge.

Za magetsi sindichulukitsa, tonse tikuzidziwa. Masipika ayake pomalizira ndipo azime poyambirira, batani lili pansi. Magetsi akathima mwadzidzidzi, zimitsani masipika nthawi yomweyo musanatuluke kukapuma, chifukwa kabokosi kakamadzuka kamatha kutumiza kugunda kumene kumavulaza sipika. Tsitsaninso batani musanazule chingwe kapena kuyatsa magetsi a 48V opita ku maikolofoni.

Woimba ali m'mahedifoni

Mahedifoni ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa phokoso lake salimva wina aliyense koma amene wawavala. Masipika akanyanya aneba amagogoda. Mahedifoni alibe mneba.

Woimba akati, “Aise, sindikudzimva,” wojambula amathamangira ku Gain, ndipo mawu amayamba kudulidwa. Kapena amakweza batani la mahedifoni, zonse n'kukwera pamodzi, biti ndi mawu omwe, woimba n'kukhalabe osadzimva koma tsopano m'chiphokoso. Yankho nthawi zambiri ndi kutsitsa biti. Mabokosi ena ali ndi batani lolembedwa Mix, mbali ina Input, mbali ina Playback, lomwe ntchito yake ndi imeneyi: kusankha kuti woimba amve zambiri za mawu ake kapena za mukompyuta. Ena ali ndi kabatani ka Direct Monitor, komwe kamatumiza mawu a maikolofoni molunjika ku mahedifoni osadutsa mukompyuta. Kufunika kwake n'kwakuti kompyuta imachedwetsa mawu. Pa 44.1 kHz, buffer (kuchuluka kwa mawu amene kompyuta imasonkhanitsa isanawatumize) ya 128 imachedwetsa ndi pafupifupi mamilisekondi 3 ulendo umodzi, zomwe sizivuta, koma ya 1024 imachedwetsa ndi 23, ndipo kupita ndi kubwera woimba amadzimva ngati wina akumutsanzira kumbuyo. Mukayatsa Direct Monitor muzimitse kumvera kwa mu pulogalamu, apo ayi mawu amamveka awiri, ngati akuimbira mumgolo.

Mahedifoni okwera amadonthezanso biti mu maikolofoni, ndipo kugogoda kwa metronome kumadzapezeka m'nyimbo pamalo achete. Woimba wodzimva kwambiri amabweza mawu, wosadzimva amakakamiza kukhosi mpaka kusasa. Ndipo popeza m'masitudiyo athu ambiri maikolofoni ndi masipika zili m'chipinda chimodzi, batani lalikulu liyenera kutsikiratu nthawi yojambula, kuopa kulira koboola m'khutu kuja timakumva m'misonkhano. Pa timabokosi tina tating'ono batani limodzi limalamula masipika ndi mahedifoni omwe. Pamenepo zimitsani masipika kumbuyo.

Makutu alibe sipeyala

Akuluakulu amati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo ambiri amaganiza kuti phokoso limang'amba kachikopa ka m'khutu. Kawirikawiri sizitero. Chimene chimawonongeka chili mkati kwambiri, m'kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, momwe muli timaselo tokhala ndi titsitsi pafupifupi 16,000. Timeneti n'timene timasandutsa kugwedezeka kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatitopetsa, likapitirira limatipha, ndipo mwa munthu tikafa sitimeranso. Sipatuluka magazi, sipamveka ululu. Chakudza sichiimba ng'oma. Munthu amangozindikira patapita zaka kuti pagulu akumva anthu akulankhula koma sakugwira mawu, kapena kuti nyenje ija yomwe inkalira usiku umodzi n'kusiya, tsopano siikusiyanso.

NIOSH imaika malire pa madesibelo 85 kwa maola 8 patsiku, ndipo pa madesibelo 3 aliwonse owonjezera nthawi imadulidwa pakati. Pa 88 ndi maola 4, pa 91 maola 2, pa 94 ola limodzi, pa 100 mphindi 15 zokha. Tsono madesibelo 3 pa batani ndi kusuntha kochepa moti khutu limangoti zakwera pang'ono. Kuti munthu amve ngati phokoso lawirikiza pamafunika madesibelo pafupifupi 10, ndipo pamenepo maola 8 aja atsala osakwana ola limodzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu omvera m'mahedifoni kusapyola madesibelo 80 kwa maola 40 pasabata, ndipo linachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo cha kuwonongeka kwa makutu chifukwa cha kamvedwe kosasamala. Wojambula nyimbo wa kwathu amagwira ntchito maola ochuluka kuposa amenewo. Loweruka amakhalanso pa zokuzira mawu paukwati, Lamulungu ali pa kiyibodi kutchalitchi pafupi ndi sipika. Makutu ake sapeza tsiku lopuma.

Pete Townshend, woimba gitala wa gulu la The Who, lomwe linkadziwika ndi phokoso loopsa pamasewero ake, ananena poyera kuti chimene chinamuwononga makutu kwambiri ndi mahedifoni a mu situdiyo. Chris Martin wa Coldplay ndi will.i.am nawo anaulula kuti amakhala ndi kulira kosatha m'makutu. Awa ndi anthu okhala ndi ndalama zoonana ndi dokotala aliyense padziko, koma timaselo tija palibe amene anawabwezera. Mmisiri wa matabwa akathyola sowo amagula ina. Wojambula nyimbo chida chake chenicheni ndi makutu awiri amene anabadwa nawo, ndipo zimandipweteka kuona mnyamata wa zaka 24 akuwatentha kuti asangalatse kasitomala wa tsiku limodzi.

Mnyamata wa ku Chilomoni uja anavomera kuzikonzanso nyimbo zitatu zija osalipiritsa. Mphwanga anandiuza kuti ulendo uno anagwira ntchito m'mawa, yekha, chitseko chili chotsegula, ndipo wodutsa panjira sakanadziwa kuti mkatimo mukulira nyimbo. Zinatuluka bwino, besi ikumveka ngakhale pa kasipika ka pakhonde kaja. Sanagule chipangizo chatsopano chilichonse.

Udindo suli kwa ojambula okha. Ife opita kukajambulitsa, atsogoleri a makwaya, oimba ndi anzathu otiperekeza, ndife timayambitsa zokwezazi, ndipo mnyamata wofuna kusunga kasitomala sangakane. Mukafuna kumva nyimbo yanu mwamphamvu, pemphani kamodzi kumapeto, muvine, kenako mumusiye abweze batani pa chizindikiro chake. Musanalipire ndalama yomaliza, imvereni pa foni ndi pa kawailesi, chifukwa kumeneko n'komwe ikakhale.

Ndipo inu achimwene ndi achemwali a m'masitudiyo, pumitsani makutu mphindi khumi pa ola lililonse, mutuluke panja pachete. Ngati mwagona kangapo m'makutu mukulira, kapena mwayamba kupempha anthu kuti abwereze zomwe anena, musadikire 3 Malichi, tsiku lokumbukira za kumva padziko lonse. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli gawo loyeza makutu, ndipo ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic ku African Bible College. Pitani mukayezetse mwezi uno.